Manhole isakwiriridwe poika simenti pabwalo

Mabanja ambiri m'tauni ya Lundazi ali kuika simenti kapena mapeva pabwalo la nyumba. Ici ndi cinthu cabwino cifukwa matope acepa m'dzinja, fumbi licepa m'cilimwe, ndipo ana asewera pamalo aukhondo. Koma omanga ena, pofuna kuti bwalo lioneke losalala, akwirira manhole ndi cibvundikiro ca septic tank pansi pa simenti. Kuipa kwace kuoneka tsiku limene paipi yatsekeka.

Nchito ya manhole

Pa nyumba ya cimbudzi ca madzi, zoipa ziyenda m'paipi ya pansi pa nthaka kufikira mu septic tank. M'menemo zolemera zikhala pansi, ndipo madzi apitirira ku soakaway kumene alowa m'nthaka. Manhole ndi kadzenje ka njerwa komangidwa pamene paipi ikhota kapena pamene mapaipi akomana. Malo amenewa ndiwo atsekeka kawiri-kawiri ndi nsanza, mapepala olimba, mcenga ndi mafuta a m'mapoto. Wokonza atsegula manhole, alowetsa ndodo zace, nacotsa cotsekaco tsiku lomwelo. Ngati yakwiriridwa, ayamba waphwanya simenti uku ndi uku kuifuna-funa, ndipo banja litaya ndalama kawiri.

Matenda amene atsatira

Madzi a cimbudzi akasowa njira abwerera m'bafa kapena atumphuka kuseri kwa nyumba. M'madzi amenewa muli tizirombo ta kolera, taifodi, kamwazi ndi mazira a njoka za m'mimba. Nchenche zitenga tiziromboti kupita nato pa nsima, ana atiponda ndi mapazi, ndipo mvula ititengera m'zitsime zosazama. Oyamba kudwala ndi ana osafika zaka 5, amene atha madzi m'thupi msanga akatsegula m'mimba.

Kolera imene inayamba mu October 2023 inagwira anthu oposa 20,000 muno m'Zambia, ndipo oposa 700 anamwalira. Ku Lusaka bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2024. Matendawa afala pamene zonyansa za m'cimbudzi zisanganikirana ndi madzi akumwa.

Zoyenera kucita

1. Nchito isanayambe, mwini nyumba ndi womanga ayendere bwalo lonse ndi kuika cizindikiro pa manhole iliyonse, pa septic tank ndi pa soakaway.

2. Ngati bwalo likwera, njerwa za manhole zikwezedwe kuti cibvundikiro cilingane ndi simenti yatsopano. Cikatsika, madzi a mvula aima pamenepo. Cikakwera, nkhalamba ndi ana apunthwa.

3. Cibvundikiro cisamatidwe ndi simenti. Cikhale ndi zogwirira, cotheka kunyamulidwa ndi akulu awiri, koma colemera kuti mwana asacisunthe. Cotseka bwino ciletsanso udzudzu kuswana m'kati.

4. Pamwamba pa njira ya paipi ndi bwino kuyala mapeva pa mcenga, cifukwa azulidwa ndi kubwezedwa popanda kuphwanya.

5. Bwalo lipendekeke pang'ono kuti madzi a mvula athawe nyumba ndi kupita ku ngalande. Asalowe mu septic tank, pakuti mvula ya tsiku limodzi ingathe kuidzaza.

6. Galimoto isaime pamwamba pa tanki, ndipo mitengo isabzalidwe pafupi ndi paipi cifukwa mizu ilowa m'mfundo.

7. Citsime cikhale mamita 30 kapena kuposa kucokera pa soakaway.

Kusamala caka ndi caka

Mwezi wa October, mvula isanagwe, ndiyo nthawi yotsegula manhole zonse ndi kuthira ndowa ya madzi m'cimbudzi kuona ngati ayenda. Zoipa zikafika cifupi ndi theka la tanki, ipopedwe. Munthu asalowe m'tanki ngakhale pang'ono, cifukwa mpweya wa m'menemo ukomola ndi kupha m'mphindi zocepa. Wogwira nchitoyi abvale magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Pa nyumba ya lendi, wokhalamo apemphe alandilodi amuonetse pamene pali manhole. Ngati madzi oipa ayenderera pabwalo ndipo eni nyumba sacitapo kanthu, nkhani iperekedwe kwa oyang'anira za umoyo ku khonsolo. Aliyense wotsegula m'mimba mwa madzi-madzi ayambe kumwa ORS pomwepo ndi kufulumira naye ku cipatala.