Phunziro la Mwezi Uno: Utumiki wa Kudikirira Wodwala

Kuwerenga: Luka 10:25-37

Cholinga: Kuti tidziwe zimene ife amayi tingachite pofuna kuti wodwala, kaya ali kuchipatala kaya ali kunyumba, asaonjezereke mavuto ena pamwamba pa matenda amene akudwala.

Mau oyamba

Ndani mwa ife amene sanayalepo chitenje pansi pa bedi la chipatala n'kugona pomwepo? Kuno kwathu munthu akagonekedwa m'chipatala, amene amamusambitsa, kumudyetsa, kumuchapira ndi kumuperekeza kuchimbudzi, kawirikawiri ndi mbale wake, amene timamutcha kuti gadiyani. Ndipo nthawi zambiri gadiyaniyo amakhala mayi.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa mmene usiku umatalikira pamene namwino mmodzi kapena awiri akuyang'anira wodi yonse. Sangathe kukhala pambali pa bedi lililonse. Tsono maso amene amayamba kuona kuti wodwala wasintha ndi a gadiyani.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pa odwala 10 alionse, pafupifupi mmodzi amapeza vuto lina lochokera m'chisamaliro chimene akulandira, ndipo mavuto oposa theka mwa amenewa akanatha kupeweka. N'chifukwa chake kuyambira mu 2019, tsiku la 17 September limakumbukiridwa ngati tsiku la chitetezo cha odwala. Nkhaniyi si ya madokotala okha ayi. Ndi yathunso.

Zimene Msamariya anachita

M'fanizo limene tawerenga, wansembe ndi Mlevi anamuona munthu wovulala uja, koma anapitirira. Msamariya anayandikira. Taonani zimene anachita motsatana: anatsuka mabala ndi zimene anali nazo, anawamanga, anamukweza wovulalayo pa bulu wake, anagona naye kunyumba ya alendo, m'mawa anasiya ndalama, anapereka malangizo kwa mwini nyumba, ndipo analonjeza kuti adzabweranso. Chifundo chake chinali ndi dongosolo. Ifenso timakonda odwala athu, za izo sitikukayika. Koma chikondi chopanda chidziwitso chikhoza kupweteka yemwe tikumukondayo. Tiyeni tione zinthu zisanu.

1. Manja athu

M'chaka cha 1847, pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna ku Austria panali dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis. Pachipatalapo panali mawodi awiri a amayi oyembekezera. Wodi ina ankaphunzitsiramo madokotala, ina ankaphunzitsiramo azamba. Chodabwitsa chinali chakuti amayi ambiri ankamwalira ndi kutentha thupi atangobereka kumene m'wodi ya madokotala kusiyana ndi ya azamba. Mu April chaka chimenecho, amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira m'wodi ya madokotalayo.

Semmelweis anazindikira kuti madokotala ndi ophunzira awo ankachoka kokang'amba mitembo n'kupita kukapima amayi, pamene azamba sankagwira mitembo. Mu May analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi othira kolorini asanagwire mayi. Patangopita miyezi yochepa, imfa zinatsika kufika pafupifupi 2 pa 100 alionse. Komabe madokotala anzake ambiri anakana kukhulupirira kuti manja awo ndiwo ankabweretsa imfa, ndipo iye anamwalira mu 1865 asanaone mfundo yake ikulandiridwa.

Madokotala ajawa sanali anthu oipa mtima. Ankafuna kuthandiza. Chimene chinawavuta ndi kuvomera kuti vuto likhoza kukhala pa iwo eni. Ifenso tikapita kukazonda odwala timapereka moni wa m'manja bedi ndi bedi, timagwira wodwala pamutu popemphera, kenaka n'kutsegula kontena ya nsima. Tizisamba m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kapena othirirana, osati m'beseni limodzi, tisanagwire wodwala, tisanamudyetse, tikamusintha zovala kapena kutaya zoipa, ndinso pochoka. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Kolorini amene tinkathira m'madzi nthawi imene ija ndi yemwe uja anapulumutsa amayi a ku Vienna. Ndipo ngati tili ndi chimfine, chifuwa kapena tikutsegula m'mimba, tsiku limenelo tipempherere kunyumba. Mulungu amamva ndithu.

2. Khungu la wodwala wogona

Zaka zapitazo tinalandira m'wodi gogo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Ana ake ankamukonda kwambiri. Pofuna kuti asamve kuwawa, sankamusuntha nkomwe. Titamutembenuza tinapeza chilonda chachikulu kumunsi kwa msana, chakuya mpaka kufika pafupa. Sitiroko ija inali itayamba kupepuka, koma chilondacho n'chimene chinamutenga. Mwana wake wamkazi analira nati, "Anesi, bwanji panalibe wotiuza?" Funso limeneli silinachoke m'mitima mwathu.

Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamalo amene fupa likudinda khungu, ndipo mnofu umayamba kufa. Malo ofunika kuwayang'ana tsiku lililonse ndi awa: kumunsi kwa msana, matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, zigongono, mapewa ndi kunkhongo. Pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Tiyang'ane malo amene ada kwambiri kuposa ena, amene akunyezimira, akutentha kapena aumbika. Tikapeza malo otere tisawatikite. Tingomugoneka wodwalayo mbali ina ndi kudziwitsa namwino.

Wodwala wosatha kudzitembenuza tizimutembenuza pa maola 2 alionse, usana ndi usiku. Pomusuntha tisamukoke pamphasa kapena pabedi, koma tithandizane awiri pomunyamula ndi nsalu. Tiike pilo kapena chitenje chopinda pakati pa maondo, ndi pansi pa miyendo kuti zidendene zisagunde pogona. Zogonera zikhale zouma, zopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya.

3. Kudyetsa ndi kumwetsa

Mwambo wathu ndi wakuti wodwala adye, ndipo n'zoona, thupi silichira popanda chakudya. Koma tisamudyetse kapena kumumwetsa munthu ali chogona, kapena pamene akusinza ndipo sakudziwa bwino zimene zikuchitika. Phala likhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Timukhazike tsonga, timupatse pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, tidikire kuti ameze, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30 atatha kudya. Akamatsokomola kapena kutsamwa nthawi iliyonse pomeza, tileke kaye ndipo tiuze namwino.

Adokotala akanena kuti wodwala asadye kapena kumwa kanthu chifukwa akupita ku opaleshoni, timvere. Kumupatsa thobwa mobisa chifukwa chomumvera chisoni kukhoza kuchititsa kuti asanze ali m'tulo ta mankhwala, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Ngati zachitika kale, tiulule. Kuli bwino opaleshoni ichedwe kusiyana ndi kutaya moyo.

Achikulire samva ludzu msanga ngati achinyamata. Tiziwapatsa madzi pafupipafupi ngakhale asanapemphe, pokhapokha ngati adokotala anena kuti madzi achepetsedwe.

4. Mankhwala

A WHO amanenanso kuti pa mavuto opeweka aja, pafupifupi theka limachokera ku mankhwala. Agogo athu ambiri ali ndi kathumba kamene muli mankhwala a BP, a shuga, a nyamakazi, ena ochokera kuchipatala, ena ogula pagolosale, ena opatsidwa ndi mnansi. Popita kuchipatala tizitenga kathumba konseko pamodzi ndi buku la kuchipatala, kuti dokotala aone zonse. Tinenenso ngati wodwala akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, pakuti mankhwala ena sagwirizana.

Mankhwala amodzi akhoza kukhala ndi maina awiri. Panado ndi paracetamol n'chimodzimodzi, ndipo mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol m'kati mwake. Munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo wokalamba wofooka ayenera kumwa ochepera apo, chifukwa akachuluka amaononga chiwindi. Asipirini, Brufen ndi Indocid akamwedwa kawirikawiri amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa achikulire.

Nanga mankhwala azitsamba? Tikudziwa kuti amalowa m'mawodi atabisidwa m'mabotolo a tiyi. Sitikulemba izi kuti tiweruze munthu. Pempho lathu n'lakuti tisawapereke m'chipatala, ndipo ngati wodwala wamwa kale, makamaka mayi woyembekezera, tinene zoona kuti achipatala adziwe chochita. Komanso ngati wodwala anatupapo kapena kutuluka ziwengo atamwa mankhwala ena ake, tinene asanalandire jekeseni kapena piritsi lililonse.

5. Kulankhula

Tinaleredwa kuti tizilemekeza akuluakulu ndi ophunzira, ndipo n'chinthu chabwino. Koma akale anati safunsa anadya phula. Kufunsa mwaulemu si mwano. Tikhoza kufunsa kuti, "Pepani anesi, mankhwalawa ndi a chiyani, ndipo amwe kangati?" Ngati piritsi la lero likusiyana ndi la dzulo, kapena dzina limene aitana silikumveka bwino, tifunse wodwala asanamwe. M'wodi imodzi mukhoza kukhala a Banda atatu.

Pali zizindikiro zimene sitiyenera kudikira nazo mpaka adokotala adzayendere m'mawa: wodwala akamapuma mofulumira kapena mobanika, akamavuta kudzutsa, akakomoka, akatha tsiku osakodza, mayi wobereka kumene akamataya magazi ambiri kapena kutentha thupi, diripi ikasiya kudontha kapena pamene yalowera pakatupa. Tikaona izi tikagogode, ngakhale pakati pa usiku. Tikapanda kuthandizidwa tibwererenso, kapena tifunse mkulu woyang'anira wodiyo. Tisasinthe tokha kathamangidwe ka diripi.

Tikafuna kudandaula, njira zilipo: mkulu wa anamwino pachipatalapo, ofesi ya Ombudsman wa pachipatala kumene iliko, ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Koma tikumbukenso kuti anamwino ndi ana athu, ena ndi mamembala anzathu a Mothers' Union, ndipo amatopa. Mau akuti "zikomo" amalimbitsa munthu amene wachezera usiku wonse ali chilili.

Mau apadera okhudza agogo athu

Wokalamba akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, kuyamba kulankhula zosamveka kapena kuyendayenda usiku, kawirikawiri chimakhala chizindikiro cha matenda: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga. Ena amadwala matenda oiwalaiwala amene amadza pang'onopang'ono ndi ukalamba. N'zomvetsa chisoni kuti m'midzi mwathu agogo otere ena anamenyedwapo ngakhale kuphedwa kumene powanamizira ufiti. Ife amayi a mpingo tikhale oyamba kunena kuti, "Agogowa akudwala, tiyeni nawo kuchipatala."

Tiwatetezenso kuti asagwe, chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka ambiri sadzukanso. Usiku pakhale tochi pafupi ndi kachidebe kokodzeramo, panjira pasakhale zopunthwitsa, ndipo podzuka ayambe akhala kaye pansi kanthawi asanaimirire.

Zimene nthambi zathu zingachite

Pamene Mary Sumner anasonkhanitsa amayi ku Old Alresford mu 1876, cholinga chake chinali chakuti amayi azithandizana pa udindo wawo wa m'banja. Kudikirira wodwala ndi gawo la udindo umenewu. Mpingo wathu uli ndi zipatala monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma, ndipo m'maparishi ambiri muli anamwino, ena opuma pantchito. Tiwapemphe adzatiphunzitse katembenuzidwe ka wodwala, tikuona ndi maso. Tilembe maina a odwala ogona ndi okalamba okhala okha m'dera lathu. Mutu umodzi susenza denga: gadiyani amene wakhala masabata awiri osagona amayamba kuiwala ndi kulakwitsa, choncho tizisinthana naye ngakhale usiku umodzi. M'thumba limene timanyamula pokazonda odwala, pambali pa shuga ndi ufa, tiziikamonso sopo. Ndipo monga Msamariya uja, tizibwereranso wodwala akatuluka m'chipatala.

Mafunso okambirana

1. Kodi chimatilepheretsa n'chiyani kufunsa mafunso kuchipatala? Tingathandizane bwanji?
2. M'dera lathu muli odwala ogona angati? Ndani akuwatembenuza usiku?
3. Tingatani tikamva kuti gogo wina wosokonezeka mutu akunenedwa kuti ndi mfiti?
4. Pa zimene Msamariya anachita, n'chiti chimene ife timachiiwala kawirikawiri?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, tikuyamikani chifukwa cha madokotala, anamwino, azamba ndi onse ogwira ntchito m'zipatala. Apatseni mphamvu ndi mtima wodekha. Ife amene timadikirira odwala, tipatseni maso openya, manja oyera ndi kulimba mtima kuti tilankhule pa nthawi yake. Tikhululukireni pamene tinalakwitsa chifukwa chosadziwa, ndipo mutonthoze onse amene anataya okondedwa awo. Tikupempha izi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.