Musawakhazike pansi agogo anu

Ana anga, ulemu umene mumatipatsa ife okalamba nthawi zina ndi womwewo umatifoola. Agogo akati agwire khasu mwawalanda, akati atsikire kudimba mwawatsekereza: "Khalani pansi agogo, tichita ndife." Ndikudziwa kuti n'chikondi. Koma minofu ya m'miyendo ikasiya ntchito imafota msanga, ndipo nkhalamba ikadwala n'kugona pamphasa masiku 10 okha imadzuka maondo akunjenjemera. Ikatero imayamba kuopa kugwa, manthawo n'kuikhazikanso pansi, ndiye kufooka kumangowonjezeka.

Chimene chimabweza mphamvu ndi kulimbitsa thupi mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, kupumula, kenako kubwereza. Ku Japan, akatswiri a pa yunivesite ya Shinshu mumzinda wa Matsumoto anaphunzitsa achikulire kuyenda mwandawala mphindi 3, n'kuyenda pang'onopang'ono mphindi 3, kasanu konse, masiku 4 pa sabata. Patatha miyezi 5, ntchafu zawo zinalimba ndipo BP inatsika kuposa ya anzawo amene ankayenda liwiro limodzimodzi. Ku Trondheim, m'dziko la Norway, anthu 1,567 a zaka 70 mpaka 77 anatsatiridwa kwa zaka 5. Ena mwa iwo ankathamangitsa mtima mphindi 4, kanayi, kawiri pa sabata, ndipo ndi iwo amene mtima ndi mapapo zinapirira kuposa enawo.

Musadikire makina olimbitsira thupi. Ikani mpando wolimba kukhoma, agogo adzuke n'kukhalanso mobwereza kwa theka la mphindi, apume mpaka befu atatha, ayambirenso. Poyamba agwirire m'mphepete mwa mpando, palibe chamanyazi. Akazolowera, pitani nawo pa kachitunda kopita kumjigo. Inu muziyenda pambali pawo, dzanja lili chire, koma osawanyamula. Mudziwa kuti ndawala yakwana akamayankha mawu awiri kapena atatu okha n'kupuma.

Chimodzi musachinyozere. Agogo a vuto la mtima, BP kapena shuga ayambe aonana ndi adokotala. Akamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, aleke pomwepo, mupite nawo kuchipatala. Masewero amphamvuwa asamachitike masiku otsatizana, pakuti minofu imakula pa tsiku lopumula, ndipo imafuna chakudya: nyemba, usipa, mazira, nsinjiro mu ndiwo zamasamba, osati phala lokhalokha limene mumakonda kuwapatsa poti mano anatha.