Munda wozolowera thumba

Anthu a ku Ntaja sanayambe dzulo kudalira feteleza wa boma. Mu 1998, Bakili Muluzi, mwana wakwawo ku Machinga komweko, ali pampando, kunabwera timatumba ta Starter Pack. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, ndipo mabanja ambiri omwe ufa unkawathera mvula isanagwe anadzaza nkhokwe. Munthu amene anaona zaka zimenezo simungamuuze kuti feteleza ndi woipa, ndipo sakulakwa. Pa dothi lamchenga, kachivindikiro ka botolo kamodzi pa phando kamasiyanitsa chimanga chobiriwira ndi chachikasu.

Koma tamvani za bambo wina wa kumidzi ya cha ku njira ya ku Nselema. Munda womwe anaupeza kuchikamwini unali wosakaniza. Apongozi ake ankadzala nandolo, khobwe ndi maungu pakati pa chimanga, mapesi n'kumawakwirira m'mizere. Mkamwiniyo atalawa zokolola za makuponi anati zonsezo n'zachikale, nandolo akungolanda feteleza. Anamuchotsa. Mapesi ankawaunjika n'kuyatsa moto mu Okutobala kuti khasu liziyenda bwino. Zaka zoyamba palibe amene akanamutsutsa, ngolo inkabwera yodzaza.

Chimene sankachiona n'chakuti feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho basi, nthaka saibwezera kanthu. Dothi lopanda zinyalala zowola silisunga chinyezi, ndipo feteleza yemweyo silimugwira: mvula yamphamvu ikagwa, amatsikira pansi pomwe mizu ya chimanga siifika. Yuriya wothira chaka ndi chaka popanda manyowa amawawasitsanso nthaka pang'onopang'ono. Nandolo amene ankamuda uja ndi amene ankathira chonde kudzera m'mizu ndi masamba ake oyoyoka. Posakhalitsa kaufiti anayamba kuchita maluwa m'mizere, ndipo matumba awiri a feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa, sankabweretsanso ngolo yodzaza. Iye ankangoti feteleza wa masiku ano ngwachinyengo. Wachinyengo alipodi pamsika, wina mpaka wosakaniza ndi mchenga, koma vuto la munda uwu linali lina.

Kenaka mtengo unalowererapo. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 thumba linali K4,495, mu 2022 linafika K15,000, mayina m'kaundula akucheperachepera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo chaka chimenecho dzina la mkamwini uja silinatuluke. Munda wozolowera thumba sukubalira kanthu ukaumana, choncho anagulitsa mbuzi, ndalama yotsala n'kukatenga katapila.

Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Atadikira mpaka kutopa, anathira yuriya pa dothi louma poganiza kuti mitambo yomwe inkazungulira idzagwetsa mvula usiku. Sinagwe. Yuriya akakhala pamtunda padzuwa mphamvu yake imauluka, wotsalayo n'kumawotcha mbewu yomwe ili kale ndi ludzu. Masamba anapiringizika, nsonga zinauma. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño.

Ng'ambayo sinasankhe munda. Mayi wamasiye wa m'malire mwa mkamwiniyo nayenso chimanga chinamulephera. Kungoti iye anali atagula feteleza wochepa wa pambale, n'kumusakaniza ndi ndowe, phulusa ndi madeya, kumuvundikira m'thumba milungu itatu, njira yomwe alimi amaitcha Mbeya. Ngongole analibe. Nandolo wake, poti mizu yake imapita pansi kwambiri, anapirira, ndipo chilimwe chitafika anali ndi ndiwo komanso kena kokagulitsa pa msika wa Ntaja kuti agule ufa.

Mkamwini uja anakolola madengu osakwana n'chiwongoladzanja chomwe. Wakatapila anabwera mu Meyi, natenga njinga yomwe ankachitira kabaza.