Cifukwa Cace Wailesi Imataya Siteshoni

Miyezi ya June ndi July ikafika, msodzi wanzeru wa ku Nkhotakota sakankha bwato asanamve za mwera. Kale ankangoyang'ana mitambo ndi maonekedwe a madzi. Lero a zanyengo amalengeza cenjezo pa wailesi, ndipo pa madooko a ku Sani ndi ku Chia anthu amachera khutu madzulo. Koma ena adandaula kuti wailesi yao, ataichuna bwino-bwino, pakapita kanthawi imayamba phokoso, mau nazilala wolengeza ali pakati pa cenjezo. Ena amaimenya khofi, ena amati yakalamba. Cifukwa cace cilipo, ndipo ciri m'kati mwa bokosilo.

Mau a pa wailesi amakwera pa mafunde a magetsi osaoneka ndi maso. Monga mafunde a panyanja, ena amadza mothithikana, ena motalikirana, ndipo siteshoni iri yonse inapatsidwa ciwerengero cace ca mafunde. Nkhotakota Community Radio inkamveka pa 101.9 FM, ndiko kunena kuti mafunde 101,900,000 pa sekondi imodzi. Tsono eliyo ya wailesi iri ngati khoka losasankha nsomba: imakola masiteshoni onse pamodzi. Nchito yaikuru ndiyo kusankha imodzi.

Kupanga sefa yabwino yosinthika kuti iyenere siteshoni iri yonse nkobvuta. M'caka ca 1918 Edwin Armstrong wa ku America anapeza nzeru yina: sefa ikhale imodzi yosasintha, koma mafundewo ndiwo asinthidwe kuti alowemo. M'wailesi muli kacipangizo kopanga mafunde ake-ake, dzina lace osileta. Kali ndi waya wopindidwa mozungulira ndi kapasita, ndipo magetsi amapita uku ndi uku pakati pa ziwirizi ngati mwana pa katungwe. Munthu akamapotoza cochunira, cacikuru cimene akusintha ndi liwiro la katungwe ameneyu.

Mafunde a osileta amasanganizidwa ndi a siteshoni, ndipo pamabadwa mafunde ena amene ciwerengero cao ndi kusiyana kwa awiriwo. Amai awiri akamasinja, wina mofulumira pang'ono kuposa mnzace, misi yao imagunda pamodzi, nisiyana, nidzagundanso pamodzi. Kukumana kumeneko kuli ndi kayendedwe kace ka pang'ono-pang'ono. Sefa ya mawailesi ambiri a FM imalola mafunde 10,700,000 okha. Comweco kuti Nkhotakota imveke, osileta athamange pa 112,600,000, pakuti kucotsapo 101,900,000 patsala 10,700,000. Masiteshoni ena onse amapereka yankho lina, sefa niwakana.

Nzeru yomweyi inali m'wailesi imene agogo ambiri anayamba kumverapo nkhani, ija ya "Saucepan Special". Inafika m'caka ca 1949 mwa khama la Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, kuti anthu a m'midzi amve Lusaka. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready m'cigoba conga sefuliya, niigulidwa mapaundi 5, batire lace masileni 25.

Nanga kutaya siteshoni kumadza bwanji? Woyimba ng'oma adziwa kuti cikopa cikaothedwa pamoto mau ace amasintha. Waya ndi kapasita nazo zimafutukuka zikatenthedwa, liwiro la osileta nilisendera. Batire likafooka zimaterenso. Kusendera kwace nkocepa, koma ciwerengero ncacikuru: osileta akaphonya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000, wasocera ndi mafunde 112,600, pamene malo onse a siteshoni ya FM ndi mafunde ngati 200,000. Pa mcenga wotentha wa kunyanja kuno, wailesi yosiyidwa padzuwa siicedwa kutero.

Mankhwala ace anawalongosola Henri de Bellescize wa ku France m'caka ca 1932, ngakhale anafala m'mawailesi a anthu wamba kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Pa mabokosi amalemba zilembo zitatu, PLL. Opalasa ngalawa adzamvetsa msanga. Wakumbuyo sawerenga pamtima kuti apalase kangati. Amayang'ana nkhafi ya wakutsogolo, kuti yace ilowe m'madzi nthawi yomweyo. Akaona kuti watsalira amafulumira, akatsogola amadikira. M'wailesi, wakutsogoloyo ndi kamwala ka kwatsi konga ka m'wochi, kamene kamanjenjemera pa liwiro losasintha kweni-kweni ngakhale kutenthe. Mafunde a osileta amagawidwa kufikira atalingana ndi a kamwalako, ndipo kacipangizo kena kamafanizira awiriwo funde ndi funde. Osileta akangoyamba kutsalira, kamaonjeza mphamvu ya magetsi yomfulumiza, akapitirira, kamacepetsa. Kukonza uku kumacitika kosalekeza, cotero osileta sapeza mpata wosocera. Posintha siteshoni, cimene cisintha ndi nambala yogawira basi, ndico cifukwa cace wailesi yotere imalumpha masiteshoni ndi batani, nikumbukira malo ao.

Amene ali ndi wailesi yakale asaitaye ai. Aiike pamthunzi, pa mphasa kapena pa thabwa, osati pa mcenga. Aitsegule nthawi ya zanyengo isanakwane, nadikire mphindi zingapo kuti itenthe, kenaka aichunenso bwino. Mabatire ofooka asinthidwe nyengo ya mwera isanayambe, ndipo mcenga ndi cinyezi zisalowe m'kati. Wogula yatsopano afunse ngati iri ndi PLL, pakuti si wailesi iri yonse yoonetsa manambala imene iri nayo.

Koma PLL imagwira siteshoni yokhayo imene mafunde ace afika. Mafunde a FM amayenda pafupi-fupi molunjika, ndipo kuseri kwa phiri kapena kutali pakati pa nyanja amafooka. Pamenepo msodzi asolole eliyo yonse, naitembenuze pang'ono-pang'ono. Womvera pa foni ya m'manja atambasule cingwe ca zomvera m'khutu, cifukwa pa mafoni ambiri cingweco ndico eliyo.