Kuiwalaiwala kwa Achikulire ndi Sitiroko: Zoyambitsa, Zizindikiro ndi Udindo wa Mudzi

M'bandakucha, anthu opita kumunda apeza gogo ataima kuseri kwa nyumba ya eni, ali mbuu, sakudziwa kuti wafika bwanji pamenepo. Akamufunsa dzina, iye akufunsa za mayi ake omwe adamwalira kalekale. M'midzi yambiri mlandu wotere suchedwa kugamulidwa: akuti wagwidwa akutamba. Kwinanso bambo wa zaka 50 agwa pakhonde dzuwa likuswa mtengo, pakamwa papotoka, mkono walefuka, mawu sakumveka. Abale anong'onezana kuti amumenya hamala, ndipo m'malo mothamangira kuchipatala ayamba kufunafuna woombeza.

Anthu awiriwa ndi odwala, ndipo matenda awo ali mu ubongo. Gogo uja ali ndi matenda a kuiwalaiwala omwe achipatala amawatcha dementia, pamene bambo uja wagwidwa ndi sitiroko, matenda omwe ambiri amawadziwa kuti kufa ziwalo. Matenda awiriwa ali pachibale, pakuti zambiri zomwe zimayambitsa amodzi zimayambitsanso enawo.

Momwe ubongo umavulalira

Ubongo ndiwo umalamulira kuganiza, kukumbukira, kulankhula ndi kuyendetsa ziwalo. Kuti ugwire ntchito umadalira magazi omwe amaubweretsera mpweya ndi chakudya kudzera m'mitsempha. Mtsempha wina ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika n'kukhetsera magazi mu ubongo, gawo lomwe limadyetsedwa ndi mtsemphawo limayamba kufa m'mphindi zochepa. Imeneyi ndiyo sitiroko. Mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira mbali yakumanja ya thupi, ndipo yakumanja imalamulira yakumanzere. N'chifukwa chake wodwala amafa ziwalo mbali imodzi. Kwa anthu ambiri gawo la kulankhula lili kumanzere, motero yemwe wafa ziwalo zakumanja kawirikawiri amavutikanso kulankhula.

Dementia imabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Mtundu wake wofala kwambiri ndi matenda a Alzheimer, omwe adatchedwa dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe adawafotokoza mu 1906. Mtundu wina umadza pamene mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo yaonongeka, kapena munthu wadwala masitiroko ang'onoang'ono angapo, ena mwa iwo osaonekera n'komwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa theka la iwowa ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ukalamba umawonjezera chiopsezo, koma ukalamba paokha si matenda: alipo agogo a zaka 90 omwe amaweruzabe milandu pabwalo ndi kutchula mibadwo ya mtundu wawo osaphonya.

Zomwe zimaika munthu pachiopsezo

Choyamba pa zonse ndi kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti BP. Magazi akamathamanga mopitirira muyeso kwa zaka zambiri, mitsempha imauma, imachepa njira kapena kufooka mpaka kuphulika. Vuto lake n'lakuti nthawi zambiri munthu samva kalikonse m'thupi. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita pamodzi ndi WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'Malawi anali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Muyeso wa 140/90 kapena kuposerapo, ukapezeka masiku osiyanasiyana, umasonyeza kuti munthu afunika chithandizo. Mankhwala a BP ndi akumwa tsiku ndi tsiku. Ambiri amasiya akangomva bwino, ndipo pamenepo m'pamene ngozi imabwerera mwakachetechete. Mayi yemwe adakwera BP ali woyembekezera ayenera kupitiriza kuyezetsa ngakhale atachira.

Mchere wambiri umakweza BP. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, womwe ndi mchere wosadzaza bwino kasupuni ka tiyi. Muyesowu ukuphatikizapo mchere wa mu ndiwo, wa mu nsomba zouma, wa pa chiwaya ndi wowaza pambale. Matenda a shuga nawo amaononga mitsempha ya magazi, chimodzimodzinso mafuta ochuluka m'magazi, kunenepa kwambiri ndi kukhala osagwira ntchito yolimbitsa thupi. Fodya, kaya wa ndudu, chingambwe kapena wa phuno, ndi mdani wa mitsempha. Mowa wambiri, makamaka kachasu, umakweza BP komanso umaononga ubongo mwachindunji.

M'Malawi muno sitiroko siigwira okalamba okha. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, yemwe adasindikizidwa mu 2016, adaonetsa kuti kachirombo ka HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za sitiroko pakati pa anthu osapitirira zaka 45. Phunziro lake n'lakuti munthu ayezetse msanga, ayambe ma ARV chitetezo chisanatsike kwambiri, ndipo apitirize kumwa mokhulupirika ndi kuonana ndi achipatala. Chindoko chosachiritsidwa nacho chimatha kufika mu ubongo patapita zaka. Matenda a mtima, makamaka pamene mtima ukugunda modumphadumpha, amapangitsa magazi kuundana n'kukatseka mtsempha kumutu.

Mu 2024 gulu la akatswiri lomwe lidasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet lidatchula zinthu 14 zotheka kuzipewa kapena kuzichiza, zomwe zikukhudzana ndi pafupifupi 45 mwa odwala dementia 100 alionse. Kupatula zomwe zatchulidwa kale, pali kusapita patali ndi sukulu, kugontha, kusaona bwino, kuvulala m'mutu, matenda a kukhumudwa, kukhala kwaokha ndi kupuma mpweya woipa. Zonsezi zimapezeka m'midzi ndi m'misika ya boma lino. Mnyamata wa kabaza yemwe amayenda wopanda chisoti akuika ubongo wake ndi wa wokwera pachiswe. Mayi yemwe amaphika m'khitchini yopanda zenera amapuma utsi wa nkhuni kwa zaka zambiri. Gogo yemwe ali ndi ng'ala kapena wagontha amasiya kupita kumsonkhano, kutchalitchi kapena kumzikiti, amakhala chete pakhonde, ndipo ubongo wosagwiritsidwa ntchito umafooka msanga. Chikhalirecho ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Mwana wamkazi kapena wamwamuna yemwe akhalitsa pasukulu lero akumanga nkhokwe yomwe ubongo wake udzadalire akadzakalamba.

Zizindikiro za sitiroko

Sitiroko imadziwika ndi kudzidzimutsa kwake. Zinthu zitatu zimayesedwa mosavuta ndi wina aliyense. Wodwala auzidwe kuti amwetulire: ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa, n'chizindikiro. Auzidwe kukweza manja onse awiri: ngati dzanja limodzi likukanika kapena likutsika lokha, n'chizindikiro. Auzidwe kunena chiganizo chachifupi: ngati mawu akukokeka, akusokonekera kapena sakutuluka, n'chizindikironso. Chimodzi chokha mwa zitatuzi n'chokwanira kuti wodwala atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo. Zina ndi kuchita dzanzi mbali imodzi, kusaona mwadzidzidzi, kudzandira popanda mowa, ndi mutu wowawa koopsa womwe wayamba kamodzin'kamodzi.

Podikira galimoto, ngolo kapena machira, wodwala agonekedwe chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Asapatsidwe madzi, phala, mankhwala azitsamba kapena mapiritsi alionse, pakuti sitiroko imafooketsa pakhosi ndipo zakumwa zimatha kulowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ngakhale asipirini asaperekedwe achipatala asanaone wodwalayo, chifukwa ngati mtsempha waphulika, mankhwalawa amawonjezera kukha magazi. Abale akumbukire nthawi yomwe zizindikiro zayambira, ndipo anyamule buku lachipatala pamodzi ndi mankhwala omwe wodwalayo amamwa.

Nthawi zina zizindikirozi zimabwera n'kutha zokha patapita mphindi kapena maola ochepa. Banja lisapume n'kunena kuti zapita. Limeneli ndi chenjezo lakuti sitiroko yaikulu ikhoza kubwera m'masiku otsatira, ndipo munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zizindikiro za dementia

Kuiwala komwe waika khasu kapena kusakumbukira dzina la mlendo kwa kanthawi n'kwa munthu aliyense. Kuiwala kodetsa nkhawa ndi komwe kukukulirakulira ndi kusokoneza ntchito za tsiku ndi tsiku. Munthu amafunsa funso limodzi kasanu pa ola, amadandaula kuti sanadye mbale zisanatsukidwe n'komwe, amasochera panjira ya kuchitsime yomwe wayendamo moyo wake wonse. Mayi yemwe ankadziwika ndi kuphika amaiwala ndondomeko ya nsima kapena kusiya mphika pamoto. Bambo yemwe ankasunga ndalama za gulu amalephera kuwerenga chenje. Zakale amazikumbukira bwino, koma za m'mawa womwewo zamuthawa.

Khalidwe nalo limasintha. Wodwala amabisa katundu n'kuiwala, kenaka amati zidzukulu zamubera. Amatha kutukwana, kuvula pagulu, kuyenda usiku, kulankhula ndi anthu omwe adamwalira, kapena kuvomera chilichonse chomwe gulu lokwiya likumufunsa. Pamene gogo wotere wavomera kuti ndi mfiti, si umboni wa kanthu kalikonse koma kuti ubongo wake wadwala.

Kusokonezeka komwe kwayamba mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, nthawi zambiri si dementia. Kumatha kudza ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga, ndipo kumafunika chipatala msanga chifukwa kumachizika. Kuiwala kwina kumayamba ndi kukhumudwa pambuyo pa maliro, kapena kuperewera kwa zakudya. M'nyengo ya njala, munthu wodalira nsima yokha popanda nyemba, mtedza kapena nsomba amatha kudwala matenda omwe amathetheula khungu la pakhosi ndi pamikono pomwe pamawomba dzuwa, amatsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Amenewa amachira ndi mavitamini ndi zakudya zakasinthasintha. Choncho wachikulire aliyense yemwe wayamba kusokonezeka ayenera kupimidwa, osangoti ndi ukalamba.

Chisamaliro pakhomo

Dementia ilibe mankhwala oichiritsa, koma chisamaliro chabwino chimachepetsa mavuto ake. Wodwala alankhulidwe modekha, ndi ziganizo zazifupi, osakangana naye pa zomwe waiwala. Nthawi ya chakudya, yosamba ndi yogona ikhale imodzimodzi tsiku lililonse. Moto, mankhwala a mbewu ndi zitsime zosatseka zikhale kutali naye. Apatsidwe tintchito tomwe akutha, monga kusenda nyemba kapena kutong'ola chimanga, chifukwa kumupatula kumawonjezera matendawo. Anansi adziwitsidwe za vuto lake kuti akamuona akusochera amubweze kwawo mwaulemu.

Wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala amafunika mafizo, ndipo miyezi yoyambirira ndiyo yofunika koposa. Yemwe sangathe kudzitembenuza azitembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndipo azidya atakhala tsonga. Ntchito yosamalira odwala otere kawirikawiri imagwera mayi mmodzi kapena mdzukulu yemwe amasiya nayo sukulu. Mutu umodzi susenza denga: abale agawane masiku, ndipo mipingo ndi magulu a m'mudzi athandize kulima munda wa banjalo.

Udindo wa atsogoleri m'wadi

Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero akhoza kuimbidwa mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire ku nkhanza. Mfumu yomwe yalandira dandaulo la gogo wopezeka usiku pakhomo pa eni, ntchito yake yoyamba ndi kumuteteza ku gulu, kuitana abale ake ndi mlangizi wa zaumoyo, ndi kudziwitsa apolisi ngati pali ziopsezo.

Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, pamodzi ndi khansala, ali ndi mwayi woika nkhaniyi m'mapulani awo. Akhoza kupempha chipatala cha m'dera kuti chiziyeza BP pa tsiku la msika kapena pamalo olandirira Mtukula Pakhomo, kulemba mayina a achikulire okhala okha, kukonza dongosolo la mayendedwe a odwala mwadzidzidzi, ndi kulimbikitsa mbaula zosatulutsa utsi wambiri. Masiku a 21 September, pomwe dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, ndi 29 October, lomwe ndi tsiku la sitiroko, ndi nthawi yabwino yochititsa misonkhano yotere.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa m'mudzi

Kodi ndi anthu angati m'mudzi muno a zaka zoposa 40 omwe ayezetsa BP chaka chino, ndipo otsalawo akulepheretsedwa ndi chiyani?

Munthu atagwa ndi sitiroko usiku uno, angafike bwanji kuchipatala, ndipo ndani angalipire mayendedwe?

Ndi achikulire ati omwe amakhala okha kapena ayamba kusochera, ndipo ndani amawayendera?

Gogo atanenedwa za ufiti mawa, ndani m'mudzi muno angayambe kuima pakati pa iye ndi gulu?