Kuphunzitsa Okitahedironi m'Makalasi Apamwamba a Pulaimale

Colinga

Pakutha pa phunziro ili, ana athe kupanga okitahedironi ndi manja ao, kuwerenga zigawo zace, ndi kufotokoza cifukwa cace silipindika.

Maonekedwe ace

Okitahedironi ndi cinthu cokhala ndi nkhope 8 zolingana, ndipo nkhope iliyonse ili ndi makona atatu ndi mbali zitatu zofanana kutalika. Cili ndi nsonga 6 ndi mizere ya m'mphepete 12. Pa nsonga iliyonse pakumana mizere inayi. Cioneka ngati mapiramidi awiri olumikizidwa pa matsinde ao.

Mbiri yace

Agiriki akale anadziwa kuti zinthu zotere, za nkhope ndi nsonga zofanana ponseponse, zilipo zisanu cabe. Plato, ca m'ma 360 B.C., anayerekeza okitahedironi ndi mpweya, ndipo Euclid, ca m'ma 300 B.C., anaonetsa kapangidwe kace m'buku la 13 la Elements. M'zaka za m'ma 1750, Leonhard Euler analemba lamulo lakuti nsonga kuphatikiza nkhope, kucotsapo mizere, yankho ndi 2. Apa ndiye kuti 6 + 8 − 12 = 2.

Kaphunzitsidwe

Musayambe ndi kujambula pabolodi, pakuti cithunzi cibisa mizere yakumbuyo ndipo ana angoloweza manambala osamvetsa. Yambani ndi zimene aziona masiku onse. Ana a ku Kafue adziwa nsanja za magetsi zopita ku mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia, ndiponso ulalo wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue, umene unamangidwa mu 1906. Afunseni kuti: "Kodi zitsulo zace zipanga maonekedwe otani?"

1. Patsani gulu lililonse timabango 12 tolingana ndi ulusi.
2. Amange tinai ngati bwalo la makona anai.
3. Pa kona iliyonse amange kamodzi koloza kumwamba ndi kena koloza pansi, kenaka akumanitse nsonga zace.
4. Gulu lina limange kyubu, nalonso ndi timabango 12.
5. Ana akanikize zonse ziwiri pang'onopang'ono ndi cala.

Kyubu idzapendekeka, koma okitahedironi idzaima nji. Lekani ana apeze okha cifukwa cace: makona atatu sasintha maonekedwe pokhapo mbali imodzi itathyoka. Ndico cifukwa amisiri apingasa zitsulo pomanga maulalo ndi nsanja.

Nchito ya wophunzira uphunzitsi

Lembani mafunso atatu amene angathandize mwana kupeza yekha lamulo la Euler pogwiritsa nchito kyubu ndi okitahedironi.