Makalata a Omvera: Zidendene Zikunyamuka Pochita Masikwati

Kalata iyi yachokera kwa achimwene athu a ku Ndirande. Akuti akamachita masikwati zidendene zimanyamuka, mawondo amagwera mkati, ndipo zitsulo zawo zakana kukwera pa makilogalamu 60.

Achimwene, choyamba, ngati mumavala nsapato zothamangira, zivuleni. Kunsi kwake ndi kofewa, mwendo sukhazikika. Valani zaphwatalala, kapena imani chabe opanda nsapato ngati pansi pali bwino.

Tangadzani miyendo molingana ndi mapewa, zala ziloze panja pang'ono, ndipo bondo lizitsatira kumene chala chachikulu chaloza. Chitsulo chigone pa minofu ya kumsana chakumapewa, osati pa fupa la khosi. Musanatsike, kokerani mpweya m'mimba, muumitse mimba ngati wina akufuna kukumenyani chibakera, kenako tsikani mpaka chiuno chipitirire pang'ono mawondo. Mpweyawo muutulutse mukamamaliza kudzuka. Ambiri amathera theka la njira kuti anzawo aone zitsulo zambiri. Ntchafu sizinamizika choncho.

Bwererani pa 40 kaye. Chitani kasanu, pumani mphindi zitatu, mubwereze katatu. Zikayenda bwino, ulendo wotsatira onjezani makilogalamu 2.5 okha. Pakati pa masiku a miyendo pazidutsa tsiku lathunthu, ndipo nyemba, mazira ndi usipa zisasowe pambale.

Mwatinso zitsulo zanu n'zoumba ndi simenti m'zitini. Kaziyezeni pa sikelo, mbali ina imakonda kulemera kuposa inzake. Koma bondo likamabaya kapena kutupa, siyani, pitani kuchipatala akalione.